Mkuzi wa phula ndi nsalu ya Mayi Alufazema

Anthu akabwera kudzandifunsa nzeru za kuchititsa lendi nyumba, poti imvi zimanamiza, ndimayamba ndasuzumira kukhomo ngati kukubwera munthu. Chizolowezi chimenechi ndinachitola ku Nchalo, nthawi ija ya chipani chimodzi, tsiku limene ndinatsala pang'ono kukagona kumene anthu sankabwererako msanga, chifukwa chongofuna kukongoletsa khoma.

Ine ntchito yanga inali ya nsomba. Ndinkapikula milamba yowamba ndi makakana kwa asodzi a kudambo n'kumagulitsa pamsika, ndipo pa nkhani yonenerera mtengo panalibe wondiposa. (Asodzi ankati ndikafika padoko ngakhale ng'ona zimabisa mazira.) Phindu lake ndinamangira kanyumba ka njerwa zootcha, kofolera malata, kuseri kwa nyumba yathu, kuti makalaliki a ku esiteti ya nzimbe azichitamo lendi.

Vuto linali limodzi. Dzinja la chaka chimenecho madzi osefukira analowamo n'kusiya mzere wa matope m'makoma onse, kulekeza m'chiuno mwa munthu wamtali. Ndinapaka laimu, mzere unatuluka. Ndinabwereza, unatulukanso ngati ukundiseka. Ndani angalowe m'nyumba imene ikudzinenera yokha kuti imasambira? Apa mpamene ndinaganiza za mkuzi, mzere wakuda uja timapaka m'munsi mwa khoma. Anthu anzeru mkuzi amaulekezera m'mawondo. Wanga ndinati ufike pachifuwa, mkati ndi kunja komwe.

Penti wakuda kusitolo anali wodula, ndipo mwini sitoloyo ankandidziwa, sankalola n'komwe kuti ndiyambe kulankhula. Mwamwayi masiku amenewo ankakonza msewu, ndipo kapitawo wina anali ndi phula lotsalira mumgolo. Tinakhalirana pansi pa bwemba mpaka iye anatopa. Ndinamupatsa milamba (yadzana, yoyamba kale kufumbwa), iye n'kundipatsa phula, nati ndikalisungunule ndi palafini. Ndinabwerera ndikuimba mluzu, ndikumumvera chisoni munthu wosadziwa malondayo.

Mkazi wanga, mayi a Zuze, ndi Msena wa kwa Mbenje, ndipo mawu ake sataya pachabe. Nditamaliza kupaka anabwera, anagusa khoma ndi chala, n'kuyang'ana chalacho.

"Ninji ichi?"

"Mkuzi. Uuma mawa."

"Nkhabe, suuma," anatero, n'kunyamula ndowa yake kupita kumjigo.

M'mawa phula linkaonekadi louma, lonyezimira ngati nsapato za wapolisi. Koma unali mwezi wa Okutobala, ndipo aliyense wa kuno kuchigwa akudziwa zimene dzuwa limachita pansi pa malata. Likafika pamutu, khoma langa linkafewa ngati chiponde. Ndinangoti palibe kanthu, ofuna nyumba ndiziwaonetsa m'mawa.

Ndinali ndi kanzeru kenanso kamene ndinkanyadira kwambiri: munthu wokambirana naye mtengo usamupatse pokhala. Miyendo ikatopa, pakamwa pamavomera. Choncho ndinatulutsa chilichonse m'nyumbamo, mpando, mphasa, ngakhale kachitsa.

Ofuna nyumba anabwera masana, dzuwa likuswa mtengo. Anali a Alufazema, kalaliki wosamutsidwa kuchokera ku Nsanje, munthu wowonda, wa magalasi ndi shati yoyera, pamodzi ndi akazi awo. Mayiwo anali otsogolera nyimbo m'gulu la amayi ovina pamisonkhano ya chipani, ndipo tsikulo ankachokera kokonzekera gule, atavala nsalu ija yokhala ndi nkhope ya Mtsogoleri wa dziko. Ana a masiku ano mumve bwino apa: nsalu imeneyo sinali yoberekera mwana kapena kupukutira thukuta. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo.

Mayi Alufazema anangolowa, n'kuloza pamene panalekezera mkuzi.

"Bambo, madzi anafika apa eti?"

"Ayi mayi, imeneyi ndi fasho ya ku Kabula."

"Ife ndife a ku Nsanje, bambo. Kwathu fasho imeneyi imafika padenga."

Ndinadziwa kuti lero ndakumana ndi mnzanga. Tinayambapo. Ine kutamanda kamphepo ka madzulo, iwo kunyoza zenera. Ine kutchula kuyandikira kwa msika, iwo kufunsa ngati ntchentche za pamsikapo nazonso zizilipira lendi. Amuna awo anangoima pakati pa chipinda akudzikupiza ndi chipewa. Miyendo ya mayiwo inatopadi monga ndinkafunira, koma pakamwa sipanavomere. Anangokhala pansi, kutambasula miyendo, n'kutsamira khoma.

Ndinaona. Koma ndikanati "dzukani, khoma n'losauma," mtengo ukanagwa pomwepo. Ndiye ine, mwana wa mayi anga, ndinapitiriza kunenerera.

Atafuna kudzuka, khoma linakana. Amuna awo anawagwira mkono n'kukoka, ndipo tinamva kuti nyaaa! Atatembenuka, tonse tinaona. Nkhope ija inali kumbuyo, ndipo yonse inali bii, kungotsala khutu limodzi.

A Alufazema anavula magalasi n'kuwaika m'thumba.

"Ine popanda magalasi sindiona," anatero motsitsa mawu.

Mayi a Zuze, amene ankamvetsera pakhonde, analowa n'kutseka chitseko. Anathamangira kwathu kukatenga nsalu yawo ya chipani, yochapachapa, yosungidwa pansi pa sutikesi, n'kulowa ndi Mayi Alufazema kuchipinda. Patapita kanthawi nsalu yaphula ija inandigwera pamapazi.

"Konzani fasho yanu," anatero mkazi wanga.

Ndinatenga botolo la palafini ndi kasanza, ndinagwada, n'kuyamba kupukuta. Phula m'malo mochoka linkangofalikira. Khutu lija nalonso linapita.

"Achimwene," ananong'ona a Alufazema, "mukuthira palafini pankhope imeneyo? Munthu akalowa pano aziti mukufuna kutani?"

Asanatseke pakamwa, kunja kunamveka, "Odi kuno!"

Mawuwo ndinawadziwa. Anali a Kampira, wapampando wa chipani m'dera lathu, munthu amene ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi ngakhale kwa mayi woyembekezera, amvekere wam'mimbayo ali nalo? Anamva kuti otsogolera nyimbo alowa kwathu, ndiye anati adzapereke moni. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndiibise pati nsalu m'nyumba imene ndinaisesa ndekha, yopanda ngakhale mphasa? Chitseko chikutseguka, ndinaipinda kamodzi n'kuikhalira.

Inde, ndinaikhalira. Mwa milandu yonse imene ikanandipeza tsiku limenelo, ndinasankha waukulu.

"Bwanji simukuimirira, bambo a Zuze?" anafunsa a Kampira.

"Msana, a wapampando. Mitanga ya nsombayi yandimaliza."

"Nanga palafini akununkhayu?"

Amene anandipulumutsa ndi Mayi Alufazema. Anatuluka kuchipinda akuwala mu nsalu ya mkazi wanga, akumwetulira ngati palibe chachitika.

"Tikuthamangitsa nsikidzi, a wapampando. Nyumbayi ndatenga ine. Mwachita bwino kubwera, mukhale mboni." Anatembenukira kwa ine, maso awo osayang'ana nkhope yanga koma pamene ndinakhalapo. "Bambowa ati phula lonseli apala, amatenso pulasitala watsopano. Si choncho, bambo?"

"Ndi choncho, mayi."

"Ati aboolanso zenera lina kuti kamphepo kawo kaja kazilowa."

"Ndinaterodi."

"Chimbudzi akumba china, chakalecho chili pafupi ndi khomo. Ndipo lendi ati..." Anatchula mtengo umene sindingaulembe pano, ana anga angandiseke.

Ndinayesa kutsegula pakamwa. Mayiwo anakhosomola pang'ono n'kunena kuti, "Kapena muimirire bambo, msana umafuna kuwongola."

"Takhuta, zikomo mayi," ndinatero msangamsanga. "Mtengo wabwino kwambiri."

A Kampira anawerama n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Anati anthu ankandinena kuti ndine woumira, koma lero adzionera okha mmene ndimalemekezera amayi a chipani, ndipo akanditchula pamsonkhano. (Ananditchuladi. Anthu anaomba m'manja, asodzi ena mpaka kugwa ndi phwete.)

Onse atapita ndinayesa kudzuka. Nsalu inadzuka nane. Inali itagwirana ndi buluku langa la kutchalitchi moti mayi a Zuze anachita kundibweretsera chitenje kuti ndituluke m'bulukumo ngati njoka yofundula. Sanandikalipire. Anangondiuza kuti nsalu yawo yatsopano ikhale itapezeka gule asanafike, ndipo tsiku limenelo kusitolo ndinalipira osanenerera, mwini sitolo mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Tsono chinthu chija tichitaye kuti? Kuchiotcha, utsi wa phula ukanaitana mudzi wonse. Kuchiponya mu Shire, chikanakodwa muukonde, ndipo panalibe msodzi wosadziwa buluku langa. Kuchikwirira, agalu a kuno amafukula chilichonse chimene chinakhudzapo ine, chifukwa cha fungo la nsomba. Mapeto ake, pomata pulasitala uja, ndinagumula njerwa zingapo pakhoma la pabalaza, ndinalowetsamo nsalu ndi buluku lomwe, n'kumata ndekha bwinobwino. Poti ntchito ndinkaigwira ochita lendiwo atalowa kale, Mayi Alufazema ndi amene ankandipatsira matope.

Banja limenelo linakhala m'nyumbamo mpaka ana awo anakula. Zinthu zinkakwera mtengo, malata ankadontha, makalaliki ena ankandilonjeza zabwino. Chaka chilichonse ndinkadzilimbitsa mtima, kuvala jekete, kuloweza mawu anga onse panjira, n'kukagogoda kuti tikambirane za lendi. Mayiwo ankandilandira mwaulemu kwambiri. Ankandipatsa madzi akumwa, n'kupita kukaima pafupi ndi khoma la pabalaza lija, n'kumaligogoda pang'onopang'ono ndi chala, go, go, go.

"Mwati mwadzera chiyani, bambo a Zuze?"

"Ndimangodutsa, mayi. Ana ali bwanji?"