Mankhwala a Miyendo Inayi

Lolemba, 21 Okutobala 1996

Galu wafika. Galu! Mwana wanga Thoko watha miyezi osapita kusukulu, osatuluka m'chipinda, chakudya kungolawa. Dokotala wa ku Rockville, kuno kwa azungu, akuti ndi matenda a maganizo. Mapilisi ndavomera, uphungu ndavomera. Lero watitumizira mzimayi wa bungwe lina atakoka chigalu chaubweya, ati chikhale nafe sabata imodzi, mwina chimuthandiza mwanayo. Dzina lake Bisiketi. Kwathu ku Ntcheu galu timamutcha Mudzatopa, dzina loti anansi amve.

Malamulo anga:
agona panja,
adya zotsala,
pasofa ayi,
Lamulungu abwerera kwawo.

Lachiwiri

Ndammangirira pamtengo kuseri ndisanapite kuntchito. Pobwera ndikumupeza ali phee m'nyumba. Mayi a Thoko akuti mzungu woyandikana nafe anabwera kudzagogoda, ati aitana apolisi, galu akuzizidwa. Akuzizidwa! Ine ndimadikira sitima m'mawa pa siteshoni ya Woodbridge mano akugundana, palibe anandiitanirapo apolisi. Mayi a Thoko akuti, "Bambo, kuno ndi kwa eni, musatichititse manyazi."

Lachitatu

Ndampatsa mkute ndi mafupa a nkhuku, chakudya chimene chinalera agalu a mudzi wonse. Wasanza pakapeti. Mzimayi wabungwe uja pafoni akukalipa ngati ndapha munthu: mafupa a nkhuku ayi, ali ndi chakudya chake cha m'thumba, madzi azisinthidwa. Ine tsiku lonse ndimasambitsa nkhalamba kunyumba ya okalamba, ndibwere kwathu kudzakhalanso wantchito wa galu?

Thoko watsegula chitseko kuti aone amene akusanza. Wandiyang'ana ngati ndine mfiti, walowetsa galuyo, watsekanso.

Lachinayi

Galuyu sauwa. Wamakalata wafika, iye akumugwedezera mchira. Akuba atabwera angawalondolere pamene pali TV.

Ndaima pachitseko cha Thoko. Akulankhula! Chingerezi, motsitsa mawu, osapumira. Akuuza galu. Ine bambo wake womubereka ndagogoda pachitseko chomwechi mpaka kutopa, yankho n'kumakhala "I'm fine" basi. Zandipweteka, ndisaname. Kodi chinyamachi chili ndi chiyani chimene ine ndilibe?

Lachisanu

Abale a kumpingo abwera kuchokera ku Bowie kudzamupempherera mwanayo. Tikutseka maso, Bisiketi akukwera pasofa, pakati pa mkulu wampingo ndi amayi ena a ku Lusaka. Amayiwo miyendo m'mwamba: "Imwe, imbwa mu nyumba? Ichokeko!" Mkulu wampingo akupemphera diso limodzi lili pagalu. Amen wafika msanga lero kuposa masiku onse. Manyazi bwanji!

Thoko watsika kudzatenga galu wake. Wati "Moni" osayang'ana munthu. Mayi ake anditsina pantchafu.

Loweruka

Ubweya pajekete yanga ya kutchalitchi, ubweya m'tiyi. Basi, zakwana. Ndauza mayi a Thoko kuti mawa galu akupita monga tinapanganira. Iwo akuti, "Mukamuuze nokha mwana wanuyo."

Ndakwera masitepe mawu nditakonza kale. Pachitseko ndikumva supuni ikugunda mbale. Akudya. Ndatsika mwakachetechete. Ndimuuza mawa.

Lamulungu

Mzimayi wabungwe wafika kudzamva maganizo athu. Ndisanatsegule pakamwa, Thoko waima pamasitepe atavala jekete, chingwe cha galu m'manja. M'Chichewa chake chopindikacho akuti, "Adadi, tiyeni timuyendetse kaye." Panja! Yekha wanena!

Pakona galu wachita zake pakapinga wa anthu. Lamulo lakuno akuti utole. Thoko akundipatsa kapulasitiki. Ine, munthu wa imvi m'ndevu, amene kumudzi amandiyalira mphasa ndikafika, ndawerama. Nthawi yomweyo akudutsa pagalimoto bambo ena a ku embase ya kwathu, atsitsa galasi, aliza hutala, "Ntchito yabwino, achimwene!"

Thoko waseka. Waseka mpaka kugwira pamimba, misozi mbwee. Ine ndaima pamsewu ndi kathumba kofunda m'manja, kununkha, mtima ukungopempha kuti asasiye.

Mzimayi uja wabwerera yekha. Mwanayo sanachire, dokotala ananena kale kuti zitenga nthawi. Mawa pochokera kuntchito ndikagule timapulasitiki tina.