Njinga ya a Tunek Yoingitsa Mbalame

A Tunek Zadravec tinkawamva tisanawaone. Kuno kumapiri a kumtunda kwa Ormož aliyense amazika klopotec wake, chida choingitsira mbalame, pa mlongoti pakati pa munda wa mphesa. Mphepo ikawomba, mapiko ake amatabwa amazungulira, timitengo timamenya thabwa, mbalame n'kumathawa. Makolo athu ankachita choncho, ifenso timachita choncho. A Tunek okha ndiwo anamangirira wawo kumbuyo kwa njinga.

"Mbalame si zitsiru," ankatero. "Chinthu choima malo amodzi zimachizolowera, mapeto ake zimatera pamwamba pake n'kuchinyera. Koma choyenda? Choyenda chimazizunguza mutu."

Tsono klopotec salira popanda mphepo, ndipo pa njinga mphepo imabwera ndi liwiro. Choncho mphesa zikangoyamba kufewa, mdala wa imvi mutu wonseyu ankakankha njinga mpaka pamwamba pa phiri, n'kudziponya m'kanjira ka timiyala toyera kodutsa m'munda mwawo. Mabuleki anachotsa. Ankati amadya mphepo. Phokoso lake linali ngati ngolo yodzaza mipando ikugubuduka, ndipo nkhuku za m'chigwa zinkasiya kuikira.

Amene ankalimva bwino phokosoli anali a Drašek Vajda, aneba awo a tsidya lina. Chigwa chathu n'chopapatiza: phiri uku, phiri uko. Mbalame zikadzambatuka m'munda wa a Tunek, zinkakwera ngati utsi, n'kuwoloka, n'kukatera m'mphesa za a Drašek. Munthuyu anali wosayankhulayankhula. Anapirira zaka zingapo, migolo yake ya vinyo ikufika theka, kenako tsiku lina anavala chipewa n'kuwoloka mlatho.

"Aneba, mbalame zanu zili kwanga."

"Zanga? Mwaona dzina langa kumapiko kwake?"

"Zachokera m'munda mwanu."

"Ndiye zasankha mphesa zanu kusiya zanga. Ulemu umenewo, aneba! Ine ndikanakhala inu ndikanazithokoza."

A Drašek anatembenuka. Anabwerera kwawo.

Kenako kunayamba kubwera anthu a njinga ochokera m'tauni. Ankavala zothina ngati khungu lachiwiri, zipewa zolimba kumutu, njinga zawo za matayala onenepa. Msewu wa phula sankaufuna. Ankafuna tinjira tathu tomwe ife takhala tikutitukwana moyo wonse chifukwa chotithera nsapato. Ankati akufuna bata.

Loweruka lina gulu la anthuwa linaima pokhota, pansi pa munda wa a Tunek. Wotsogolera anawauza kuti atsinzine, amvetsere bata. Anatsinzinadi. A Drašek, omwe ankamangira mphesa tsidya lina, anaona kafumbi kakudzuka pamwamba pa phiri, ndipo anagwira kumutu.

"Pambali! Pambali ana inu! Mabuleki mulibe muno!"

Sitinaonepo anthu ophunzira akuuluka chotero. Wina anapezeka wakodwa pa waya wa mphesa, miyendo m'mwamba. Wina anakumbatira njinga yake n'kugubuduka nayo ngati mayi wopulumutsa khanda. A Tunek anadutsa pakati pawo, ndevu zikuuluka, mpaka anakalowa fwa! mu mulu wa udzu wouma umene akazi awo, a Trezika, ankauunjika kumapeto kwa njira.

Wotsogolera uja anawatsatira.

"Agogo, mukanatipha! Kodi mumaima bwanji?"

A Tunek analavula udzu. "Phiri likatha."

Koma chimene chinatiimitsa mitu ndi cha mayi wina wozula mano wa ku Maribor, mmodzi mwa anthu a njingawa. Anaima pakhomo pa a Tunek kupempha madzi. Kuno munthu sapatsidwa madzi ngati ng'ombe, choncho a Trezika anamukhazika pansi pa mtengo, n'kumupatsa vinyo ndi buledi wopaka mafuta a nkhumba ndi anyezi. A Drašek analipo, atabwera kudzadandaulanso. Anaona aneba awo akuzungulira njinga ya mayiyo. A Tunek anainyamula ndi chala chimodzi. Maso awo anawala moopsa. Analowa m'shedi, n'kutuluka ndi thabwa, msomali ndi hamala.

"Aneba," anatero a Drašek chapansipansi, "musatero."

"Njinga yopepuka chonchi izingoyenda chete? Ndi tchimo limenelo."

Anamenya kamodzi kokha. Njinga inalira thwa! n'kung'aluka kuyambira pachishalo mpaka pansi.

Mayiyo anaima, buledi ali m'kamwa. A Trezika anatchula oyera mtima onse amene ankawadziwa. A Tunek anasuzumira m'ming'alumo, n'kutembenuka ndi nkhope yachisoni.

"Mayi, anakuberani. Si chitsulo ichi. Anakugulitsani chigoba cha dzira."

"Inu a Tunek!" anakuwa a Trezika, akuwakwapula ndi epuloni. "Njinga imeneyo ingagule thirakitala! Apita bwanji kusiteshoni mayiwa?"

"Atenge yanga."

Mayiyo anali atasokonezeka mutu moti anakweradi. A Drašek anathamanga kuti amuuze za mabuleki, koma anachedwa. Tinamva kukuwa kwa munthu wamkazi kukutsika phiri pamodzi ndi klopotec, kenako fwa! Tonse tinathamangira kumulu wa udzu, ena akunena kale za ambulansi. Tinamupeza ali chagada, udzu m'tsitsi, akuseka mpaka misozi.

"Agogo," anatero, "ndingabwerezenso?"

Za njinga yong'alukayo zinatha ndi mgolo wa vinyo. Koma kuyambira pamenepo mayiyo ankabwera ndi anzake, n'kumaima pamzere kudikira kutsika phiri. Njinga yomwe inkatsika m'mawa ndi masana inayamba kutsika tsiku lonse. Mbalame sizinkapezanso mpata wolawa ngakhale mphesa imodzi kwa a Tunek. Zinanenepera kwa a Drašek.

Chaka chimene mdzukulu wawo Lizika anatomeredwa, a Drašek anaganiza zosiya mphesa zawo pamtengo mpaka zikwinyike, kuti apange vinyo wotsekemera wa pa ukwati. Anali atamulonjeza mwanayo kuyambira ali wamng'ono. Mphesa zotere zimafuna kudikira, ndipo mbalame zimazikonda koposa. Anapita kwa a Trezika.

"Mayi, ndagwira mwendo wanu. Bisani njinga ija chaka chino chokha."

"Ndinaibisapo m'chitsime," anayankha a Trezika. "Anaivuula."

Koma sipanafunike kubisa. A Tunek, munthu amene anatsika phiri lija kambirimbiri osathyoka ngakhale chala, anagwa ali pampando m'khitchini, akumanga chingwe cha nsapato. Mbali imodzi ya thupi inafa. Atabwera nawo kuchokera kuchipatala anawagoneka pafupi ndi zenera loyang'ana kumunda. Anthu a njinga anachita manyazi kupempha njinga ya wodwala, ndipo inakhala m'shedi.

Mbalame zinadziwa msanga. Zinabwerera kumunda kumene zinaletsedwa zaka zonsezo, n'kuutera mpaka unada. Tsidya lina mphesa za a Drašek zinalendewera zosakhudzidwa, zikusanduka zagolide. Munthu ankayima pakati pake osakhulupirira maso ake.

A Drašek anapita kukazonda wodwala. A Tunek ankayankhula movutika, pakamwa patapotoka.

"Zikudya?"

"Ayi, aneba. Chaka chino mbalame kulibe."

"Kunama simudziwa. Ndikuzimva kutafuna."

Anatembenukira kukhoma. A Trezika anati chakudya akukana.

M'mawa mwake tinaona chinthu chimene mpaka lero ena amati sichinachitike. A Drašek, munthu amene anakwera njinga komaliza ali msilikali, ankakankha njinga ya a Tunek kukwera phiri. Atafika pamwamba anaima nthawi yaitali, akuyang'ana mphesa zawo tsidya lina. M'chigwa chathu mulibe phiri lachitatu. Ankadziwa kumene mbalame zikatere.

Anakwera.

Zaka zonsezo palibe amene anamvapo a Drašek akukweza mawu. Tsikulo anawamva mpaka kutchalitchi. Ankaitana mayi awo, ankaitana Yakobo Woyera, ankatukwana a Tunek ndi makolo awo, klopotec akuyankha kumbuyo. Amayi anatuluka m'nyumba ndi zikho m'manja. Abambo mfumu, omwe ankadutsa pamlatho, anachita chizindikiro cha mtanda. Mbalame zinadzambatuka, zinazungulira kamodzi, n'kuwoloka chigwa.

A Trezika anawazula mu udzu powakoka mwendo.

"A Drašek, mwapenga? Mphesa zanu! Taonani!"

"Ndaziona."

Apo zenera linagogodedwa ndi ndodo. A Tunek anali atadzikoka mpaka kukhala tsonga, nkhope ili gwa pagalasi.

"Anakweza... anakweza mapazi mochedwa! Amakwekwesa pansi, ndamumva! Wamantha!" Kenako: "Trezika, pali msuzi?"

A Drašek anatsika phiri lija tsiku ndi tsiku mpaka mphesa za a Tunek zitathyoledwa. Mawondo anasupuka, chipewa chinatayika, kukuwa sikunachepe. Zawo zinatsala timitengo tokhatokha. Anapita kwa Lizika kukamuuza kuti vinyo wotsekemera kulibe, ndipo mtsikanayo anangowapsompsona pamphumi pomwe panali bala.

Pa ukwati a Trezika anabweretsa vinyo wa mphesa zopulumutsidwazo. Apa m'pamene alendo anadziwa chimene ife a kuno tinkabisa mwaulemu: vinyo wa a Tunek anali wowawasa moti akanatha kutsukira mapoto. Pa zithunzi zonse za ukwatiwo, anthu akweza matambula nkhope zitakwinyika ngati akumva uthenga wa maliro. A Tunek anawabweretsa pa mpando, ndipo anamwa matambula awiri akugwedeza mutu mokhutira.

Anatisiya chisanu chitangoyamba. Mayi wozula mano anabwera kumaliro ndi anzake, atavala majekete akuda pamwamba pa zothina zawo, ndipo analira kuposa achibale ena.

Munda wa a Tunek anabwereka mwana wa mchemwali wawo, munthu wanzeru zake, amene amaphimba mphesa ndi maukonde. Udzu wouma a Trezika anapatsa ng'ombe. Anthu a njinga amabwerabe, amatsika bwinobwino atagwira mabuleki, ndipo pokhota paja palibenso amene amatembenuka. Nkhuku zikuikira.

Migolo ya a Drašek tsopano imadzaza mpaka kukamwa. Vinyo wotsekemera uja anadzapanga, ndipo anakomadi. Tsiku lina mlendo wa njinga anaima pakhomo pawo, iwo n'kumuthirira. Mlendoyo analawa, natsinzina.

"Koma agogo, uyu ndiye vinyo! Ndiye kuti mbalame sizikuvutitsani kuno?"

A Drašek anayang'ana tsidya lina kwa kanthawi.

"Ayi," anatero. "Palibe wozitumiza."