Chigoba cha a Kamba

Chilimwe chikafika pachimake, munthu amafuna malaya opepuka ndi mthunzi. A Kamba ayi. Mkulu uja wojambula mafupa pachipatala ankavala epuloni yamtovu, yotchinga cheza cha makina, kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Dzinalo anawapatsa chifukwa cha chigoba chimenecho. Ankadya ali nacho. Tsiku lina anagwa chagada pakhonde, miyendo m'mwamba, mpaka amuna atatu kuwatembenuza.

"Makinatu ndi ozimitsa, a Kamba," ankatero nesi wogwira nawo ntchito.

"Wawafunsa kuti agonadi?"

Koma wodwala akanjenjemera, iwo ndiye ankamulimbitsa mtima.

"Cheza chili ponseponse, m'nthaka, mumpweya. Kujambula chifuwa kamodzi n'chimodzimodzi kungokhala kwanu masabata awiri osakwana."

"Nanga inuyo mwavaliranji chimenecho?"

"Inu mwabwera lero lokha, achimwene. Ine ndikukalambira muno."

A Kamba anaikidwa m'manda mvula yoyamba itangonunkhira. Tsopano kutentha kwabweranso, ndipo pabenchi pakhala mayi wina, manja ali pamimba. Anajambulidwa mwezi watha. Dzulo ndiye wadziwa kuti anali kale ndi pakati.

"Ndinapita padera kawiri, asisi. Apongozi akuti uyunso wapsa ndi makina anuwa. Akuti ndingochotsa, ndisabereke chilema."

Nesi uja anayang'ana uku ndi uku. Wojambula watsopano anali atatuluka. Woyankha anali iye basi.

"Anakujambulani pati?"

"Pachifuwa."

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Pamimba ayi?"

"Ayi."

Nesi anamuyandikira. Anagwira mayiyo pachifuwa, kenako pamimba.

"Cheza chinalunjika apa, osati apa. Chomwe chinafika kwa mwana n'chochepa kuposa chomwe mwalandira sabata ino muli pakhomo panu. Chimenecho si chifukwa chochotsera."

"Zoona, asisi? Musangondinyengerera."

A Kamba akanamuseketsa pamenepa mpaka kuiwala apongozi. Akanagunda chigoba chawo ndi chibakera, n'kulumbira. Nesi anafunafuna nthabwala, osaipeza.

"Zoona. Tipitira limodzi kwa azamba mukamvenso kwa iwo. Apongozi anuwo mubwere nawo, ndidzawauze ndekha."

Mayiyo anagwedeza mutu, milomo ili mbuu. Nesi anathira madzi m'kapu, naigwirizira mpaka mayiyo atamwa onse.