Malonje Adya Mphindi Zanga Khumi

Lolemba

Bambo Mfumu andipatsa mphindi khumi Lamulungu likubwerali, Misa ikatha, muholo ya parishi. Andibwerekanso makina oonetsera zithunzi pakhoma. Ine mlembi wa kalabu ya mtedza kuno ku Chezi, chaka chino ndiye ndaonekera!

Nkhani yanga ndi imodzi basi: tisiye kuwaza madzi pa mtedza tisanauswe. Madzi amafewetsa makoko, inde, koma amabweretsa chuku. Chaka chatha wogula wa ku Malomo anangomasula thumba limodzi, kununkhiza, n'kutibwezera onse. Tinabwerera nawo pa ngolo ngati tikuchokera kumaliro. Kuswa kuyamba sabata ya mawa, ndiye ndikaphonya Lamulungu ndaphonya chaka.

Ndaika masilaidi anga pa tsamba lija la pa intaneti logawirana masilaidi. Alipo asanu:
mtedza wabwino
mtedza wa chuku (wobiriwira, wonyansa, ndajambula ndekha)
kuyanika
kuswa osanyowetsa
zikomo

Tsamba likuti: "Zatsopano! Anzanu atha kukonza nawo masilaidi anu." Zabwinotu izi. Ndatumiza linki ku gulu lathu la pafoni kuti a tcheya angoponyapo diso.

Lachiwiri

Masilaidi alipo 8. Atatuwo si anga.

A tcheya, mayi Nabanda, awaika patsogolo: kulemekeza Bambo Mfumu, kulemekeza a katekisiti, kulemekeza a tcheya. Akuti, "Mwanawe, munthu sumangoyamba ndi chuku ngati walowa m'khola la mbuzi."

Akunena zoona. Atatu okha si mlandu.

Lachitatu

"Zatsopano! Oonera atha kusiya ndemanga." Kodi anawapempha ndani anthu amenewa?

Ndemanga zake:
"A kwaya mwatidumpha. Tikuona."
"A Phiri akhale pamwamba pa a Chisale, ndi atsibweni awo."
"Holoyo amasesa ndife a mphakati wa kumtunda, musaiwale."

Aliyense wodandaula akudziikiranso silaidi yake. Pa silaidi ya chuku palibe walembapo, kupatula wina amene waikapo kachizindikiro ka mtima. Mtima pa chuku!

Afika 12.

Lachinayi

Netiweki yavuta. Ndakwera chitunda cha kuseri kwa chigayo, mphepo ikuboola juzi. "Zatsopano! Dinani apa tikukongoletsereni zonse." Chala changa, ndi kuzizira kuja, chadina chokha.

Ambuye! Nkhope zonse tsamba lija laziika m'timabwalo tating'ono tofanana, mzere umodzi. Bambo Mfumu ali pakati pa woimba ng'oma ndi a Chisale. A Phiri agwera kumapeto. Foni ikulira ngati kwagwa zovuta. Mayi Nabanda: "Kodi wakula liti iwe?"

Choipitsitsa, mtedza wanga wa chuku lauwalitsa. Ukuoneka wofiira, wosalala, woti ungoukazinga.

Tsiku lonse ndathera kubwezera anthu ulemu wawo m'malo mwake. Mtedza wanga weniweni uli pamkeka, nkhuku zikuchitapo phwando.

Lachisanu

Ndadzuka nditalimba mtima. Lero ndifufuta onse, atsale asanu anga aja. Wokwiya akwiye. Wogula wa ku Malomo sanunkhiza ulemu.

"Zatsopano! Onani amene waika silaidi iliyonse." Ehe! Ndiwadziwe bwino ndisanawasese.

Silaidi 14 yaikidwa ndi foni ya aneba. Ndatsegula. Chithunzi cha malemu bambo anga, atavala jekete lawo la ku Misa. Pansi pake: "Anayambitsa kalabuyi."

Ndafunsa amayi. Ayankha osandiyang'ana: "Ndinamva kuti aliyense akutchulidwa. Ndinati nawonso dzina lawo limveke muholo muja."

Ndalira, ndisaname. Nanga ndifufute a kwaya ndi a Phiri, ndisiye bambo anga okha? Anthu ati chiyani? Nanga ndifufute bambo anga, amayi ali pomwepo?

Sindinafufute aliyense.

Loweruka

Kuyeserera muholo. Masilaidi 19. Chuku chili pa 16.

Ndikawerenga mayina mothamanga ngati woulutsa mpira pa wailesi, ndikufika pa chuku itatsala mphindi imodzi. Ingakwane. Koma mayi Nabanda akuti dzina lililonse lizidikira m'manja. "Ulemu suthamangitsidwa."

Ndapempha kuti chuku chibwere pa silaidi yachiwiri, Bambo Mfumu akangotchulidwa. Andiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Zatsopano za lero: masilaidi atha kumayenda ndi nyimbo. A kwaya amva kale.

Lamulungu

Holo yadzaza thothotho. Makina ayaka, magetsi sanazime, netiweki ili yonse. Zonse zimene ndimaopa zandichitira chifundo.

Dzina, m'manja. Dzina, m'manja. A Phiri aimirira n'kubayibitsa mbali zonse zinayi. A kwaya aponyapo kavesi. Pa bambo anga holo yonse zii, kenako nthungululu. Amayi akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mphindi imeneyo sindikuidandaula.

Silaidi 15, mtedza wabwino. Ndangotsegula pakamwa, a katekisiti akuloza wotchi, a maphunziro a ubatizo ali pakhomo. Chuku sichinafike pakhoma.

Panja anthu akundigwira chanza. "Mwayankhula bwino, simunadumphe munthu." Wina akufunsa kuti mtedza wokongola uja ndi mbewu yanji.

Ndafika kunyumba, amayi ali pakhonde, ndowa pambali, akuwaza madzi pa mtedza woswa mawa. Akuimba chapansipansi. "Bambo ako akondwa lero."

Foni yalira: "Zatsopano!" Ndaitembenuza chafufumimba.

Ndakhala pamkeka, ndakoka ndowa pang'onopang'ono n'kuiika kumbuyo kwanga. Mawa ndiyenda khomo ndi khomo, mtedza wa chuku uli m'lichero, aliyense aununkhize yekha. Zinditengera sabata, mwina ziwiri, ndipo ena adzakhala ataswa kale.

Khomo loyamba ndi lino. Bola pano malonje tathana nawo kale.