Chogwirira cha Tiipoti ya Mayi a Kunyumba

Lolemba, 12 Juni 2006
Dziko lidziwe: ine, katswiri wa ku Kawale, mwini Sitandade 5 yakale ija, lero ndikulowa sayansi. Chifukwa chake ndathyola chogwirira cha tiipoti ya akazi anga, yamaluwa ija imatuluka kukabwera amayi a kutchalitchi basi. Eni ake ali ku Thyolo, abwera Lamulungu. Moyo wanga uli pachiswe.

Lachiwiri
Ndikufunsa aphunzitsi a sayansi, amene akuchita lendi kuseri kwathu, chimene chimagwirizitsa zinthu. Akuti chilichonse ndi timaatomu tosaoneka. Tina timapatsana, ngati mumchere. Tina timagawana. Tina timangokokana chapatali. Ndikuwauza kuti amenewo ndi maukwati onse a ku Kawale. Sakuseka.

Lachitatu
Akuti mchere ndiye wogwirana molimba. Ndapaka mchere wonyowa, ndamanga ndi mphira wa chubu. Madzulo ndikumasula: phwa, pansi! Aphunzitsi: "Bambo, mchere umagwirana wokhawokha, osati ndi tiipoti." Tsankho lenileni.

Lachinayi
Andionetsa magalasi awiri onyowa, okanirirana. Akuti madzi amakokana. Ndanyowetsa chogwirira. Chikugwira bwino, bola ndisachotse dzanja.
Zina zalero:
kandulo, wasungunuka ndi tiyi;
phala la chinangwa, laitana nyerere za Kawale yense;
chingamu, chatamuka mpaka pansi.

Lachisanu
Supa guluu wa mumsika! Wagwira nthawi yomweyo: chogwirira ndi chala changa chachikulu. Tiipoti yakana. Aphunzitsi akuti guluu ameneyu amalimba akakumana ndi chinyezi, ndipo chala changa chinali ndi thukuta. Sayansi yatheka ndithu, koma pamalo polakwika.

Loweruka
Ku bawo ndi chogwirira kuchala. Anzanga: "Mdala, kapu mwaiwala kunyumba?" Kunyumba ndaviika chalacho m'madzi ofunda, chogwirira chachoka ndi kakhungu komwe. Pokondwa ndamenya tebulo pomwe panali tiipoti. Mlomo wa tiipoti nawo tsopano uli pawokha.

Lamulungu
Afika. Akuyang'ana zidutswa zitatu, akuyang'ana ine. Ndikufotokoza za timaatomu mwaulemu, topatsana ndi togawana tomwe. Iwo: "Atomu amene anaigwetsa ndi uti?" Ndayankha kuti mphaka wa aphunzitsi.
Tiyi ndikumwera m'chitini, wopanda shuga. Basi, zili bwino.
Zonse ndalemba muno n'zoona, kupatula mphakayo. Aphunzitsi alibe mphaka, ndipo mayi akumanga chitenje kupita kuseri kukamuona.