Mphindi Zisanu za Apongozi Anga

Lolemba, pa 2 Meyi 1994

Opezekapo: Bambo Mfumu, a Katekisiti, ine, ndi mphaka wa paparishi.

Poti woliza belu la tchalitchi ndine, ndabwera kudzanena kuti chingwe cha belu chatha. Ndikupeza jenereta ikulira dzuwa lili paliwombo, Bambo Mfumu ali maso pa kanema. Tepi yachokera kwawo ku Ayalandi, watumiza ndi mlongo wawo. Akuti khalani.

Zimene ndikuona: tebulo, anthu atatu a zipani zitatu, ndi mayi mmodzi wofunsa mafunso. Mmodzi mwa atatuwo ndi nduna. Nduna ikuyankha, ikuyankha, mayi uja nkuidula pakamwa! Bambo Mfumu akutanthauzira: "Simunayankhe funso langa." Kwa nduna! Ine ndikudikira apolisi alowe. Sakulowa.

Akuti pulogalamuyi ndi yakale, inayamba iwo ali mnyamata, zithunzi zisanakhale ndi mitundu. Poyamba wofunsa ankachita ngati akupempha mchere kwa nduna. Kenako dzina linasintha, ofunsa anasintha, mantha nkumachepa chaka ndi chaka. Bambo owabereka Bambo Mfumu sankaphonya, ankakhala akukalipira bokosilo mpaka tiyi kuzizira. "Zinatitengera zaka makumi atatu," akutero. Ife tili ndi masiku 15 chisankho chisanafike.

Ndikuti bwanji tiyese kuno. Ndanena motsitsa koma amva. Wotchi ndili nayo. Kabelu ka paguwa andibwereka.

Dongosolo: Loweruka, 2 koloko, pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu. Mipando itatu. Aliyense mphindi zisanu, 3 x 5 = 15. Mafunso khumi. Pofika 3 koloko tabalalika.

Kanthu kamodzi: tcheyamani wa chipani chakale kuno ndi apongozi anga. Ndine mkamwini pamudzi pawo, munda wa mpunga umene ndimalima ndi wawo. Ndilingalira mawa.

Lachiwiri, pa 3 Meyi

Kutolera mafunso pamsika. Ndayankhula ndi anthu 23. Anthu 19 akuti, "Dzina mulemba?" Ndikuti ayi. Akuti, "Nanga pensuloyo ndi yachiyani?"

Mafunso opezeka, anayi:
1. Mlatho wopita ku Malengachanzi, liti?
2. Feteleza.
3. Makadi akale a chipani titaye kapena tisunge kaye?
4. La Mayi Asiyatu.

Mayi Asiyatu ndi wamasiye uja amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi mzikiti. Sakutsitsa mawu ngakhale pang'ono. "Lembani, a Belu. Chaka cha 1987 a Tcheyamani anatenga mbuzi yanga yoyera, akuti mphatso ya alendo akuluakulu. Alendowo sanabwere, mvula inadula msewu. Mbuzi inapita kuti? Dzina langa mulembe lonse."

Ndalemba.

Pobwerera ndikukumbukira kuti mwana wanga Luka anabatizidwa 1987, mwezi wa Febuluwale, nthawi ya mvula. Kwa apongozi kunali nyama. Ndinadya kawiri.

Lachitatu, pa 4 Meyi

Makalata atatu ndapereka. Kwa apongozi ndatuma amake Luka, poti mkamwini sangalowe ndi kalata ngati mesenjala.

Mayankho:
Apongozi abwera, koma pampando wa manja wa ahedi a pasukulu.
A Saidi, ogulitsa usipa, a chipani chatsopano, abwera, koma pampando wa manja wa ahedi.
Mayi Nyirenda a ku Dwangwa, a chipani chachitatu, kuli zii.

Mpando wa manja ulipo umodzi.

Vuto lina. Mayi wa mu kanema uja amayang'ana nduna m'maso. Ine chikwatirireni, zaka 11, sindinayang'anepo apongozi m'maso. Tikakumana panjira ndimapatuka, ndimavula chipewa, ndimalankhula ndi udzu.

Ndikuyeserera kuseri kwa nyumba ndi mtengo wa papaya. "Simunayankhe funso langa." Kakhumi. Papaya sakudandaula. Amake Luka akusenda chinangwa, akuseka mpaka mpeni kugwa. "Abambo a Luka, nkhuku yomwe mumaipepesa poithamangitsa, ndiye mukadule bambo anga?"

Pepala la mafunso ndabisa m'buku la nyimbo.

Lachinayi, pa 5 Meyi

Bambo Mfumu aitanidwa ku Lilongwe, abwera Lamulungu m'mawa. Chimkuzamawu chimene anandilonjeza chatsekeredwa m'chipinda mwawo. Kiyi ali m'thumba lawo.

Ndiye kuti mawu ndi anga omwewa. A Katekisiti akuti ndikawerenga zilengezo m'tchalitchi, a benchi lachitatu amafunsa a benchi loyamba.

Mwini funso la mlatho wabwera kudzalitenga. Akuti mlamu wake akufuna ntchito ku boma. Mwini funso la feteleza watuma mkazi wake, akuti anali atamwa. Otsala: 4 − 2 = 2.

Mayi Nyirenda atumiza mawu ndi dalaivala wa lole ya shuga: sabwera, koma amayi awo ovina abwera, khumi ndi awiri, ndi ng'oma. Mu kanema munalibe ng'oma.

Nkhani ya mpando yatha: ahedi akuti akhalapo okha. Zikomo ahedi!

Lachisanu, pa 6 Meyi

A Saidi andipeza atangotuluka ku mapemphero a Ijumaa. Akuti ngati a Katekisiti atsegule ndi pemphero, a Shehe nawonso atsegule. Chabwino. Mphindi ziwiri ziwiri. Akundigwira paphewa: "Za mbuzi ija mufunse mokweza, achimwene." Adziwa bwanji?

Onse adziwa. Amake Luka anatenga buku la nyimbo dzulo popita ku kwaya. Akuti sanauze munthu aliyense, amayi awo okha.

Wa makadi uja naye wachotsa lake. Akuti wasankha yekha: asunga kaye. Lotsala: limodzi.

Madzulo apongozi akudutsa pafupi ndi munda wanga, ndiye kuti munda wawo. Mpunga wacha, wapsa bwino, matumba asanu ndi limodzi ngati mbalame zindichitira chifundo. Aima. Ayang'ana kuyambira uku mpaka uko, ngati munthu woyeza nsalu. Ine ndili m'ngalande, chipewa m'manja.

Ndapita kwa Mayi Asiyatu kukawafunsa ngati akadali ndi funso lawo. Andipatsa chitumbuwa. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndalisunga, a Belu. Silinaole."

Loweruka, pa 7 Meyi

Opezekapo poyamba: anthu 140, osawerengera makanda. Mwera ukuwomba.

2:00, palibe wa pampando.
2:40, a Saidi. 2:55, apongozi, poti wamkulu safika poyamba.
Pemphero la a Shehe: mphindi 9. A Katekisiti aona, lawo 11.
Ahedi kulandira alendo: 17.

3:32, a Saidi ayamba mphindi zawo zisanu. Moni kwa mafumu, moni kwa ahedi, kwa a Shehe, kwa amayi, kwa asodzi amene ali panyanja. 3:37, asanafike pa ndale, ndikuliza kabelu. Amayi a benchi lakutsogolo agwada pansi, mmodzi wadziguguda pachifuwa! Ndi kabelu ka paguwa, azolowera. A Saidi aganiza kuti akugwadira iwo. Mphindi zina 12.

3:49, apongozi aimirira. 3:54, nthawi yatha. Kabelu kali m'manja. Dzanja silikwera. Ndikuliuza, silimva. 4:10. 4:20. Akufotokoza mmene msewu unalili 1964.

4:25, mnyamata wa njinga akukuwa kuti galimoto ikugawa nsalu za chipani ku boma. Chipani chiti, palibe wafunsa. Anthu onse thi! Ovina a ku Dwangwa nawo, asanavine. A Saidi akuti akukaona ngati ndi zawo.

Otsala: apongozi, ahedi pampando wa manja, a Shehe, Mayi Asiyatu, amake Luka, ine. Asanu ndi mmodzi.

Mayi Asiyatu akundiyang'ana. Ndikuimirira chammbali, nkhope ku mtengo wa mango, ndikuwerenga funso lonse, dzina lonse. Popanda khamu mawu anga akwana. Tsoka lake limenelo.

Apongozi akuti funso ndi labwino kwambiri. Akuti mtendere ndi chuma. Akuti kale anthu ankakondana. Akuti mbuzi ndi chiweto chofunika pa chitukuko. Mphindi 6.

Nthawi yake ndi ino. Ndayeserera ka 40. Ndikutsegula pakamwa. Chimene chatuluka: "Zikomo kwambiri, bambo."

Mayi Asiyatu akukonza mpango wawo. "Mwalankhula bwino, a Tcheyamani. Koma mbuzi?"

Apongozi avala chipewa. Apita, osathamanga. 4:48.

Lamulungu, pa 8 Meyi

Belu ndaliza 6 koloko, chingwe chomwe chija.

Bambo Mfumu afika. Ndawawerengera mphindi zonse. Aseka mpaka kuvula magalasi. Akuti yoyamba ya kwawo mwina inali chomwecho, kungoti kunalibe ogwada. Kabelu ndabweza. Sindidzakhala mayi wa mu kanema, ndavomera. Zatsala zaka 29 ndi masabata 51.

Potuluka m'tchalitchi amake Luka akundinong'oneza. M'bandakucha bambo awo atuluka okha ndi chingwe, osatuma munthu. Pakhomo pa Mayi Asiyatu pamangidwa mbuzi yaikazi. Si yoyera, ndi yamawangamawanga. Atafunsidwa kunyumba akuti inkawononga chinangwa.

Kwa ine atumiza mawu awa: "Mkamwiniyo akolole mpunga mbalame zisanamalize, asiye zoliza mabelu." Ndiye kuti munda ulipo. Ndakhala pansi kaye.

Masana Mayi Asiyatu abwera ndi zitumbuwa zitatu m'mbale. Akuti mbuzi ailandira, Mulungu adalitse. Akuti nditenge pensulo. "Yanga ija inali ndi bere, a Belu. Ndipo inkaswa awiri awiri."

Ndalemba. Za nyama ya pa ubatizo sindinawauze. Zitumbuwa ndadya chimodzi chokha.

Zobwezedwa: mbuzi imodzi.
Zotsala: yankho limodzi, ndi ana a mbuzi awiri.