Mvuu Itameza Kompyuta Yanga ku Liwonde

Mukuseka chiyani, Che Yusufu? Ikani kapu ya tiyiyo pansi, mungatsamwe. Inu nomwe mumasoka thalauza mwendo umodzi kutalika, lero mukukayika zoti ine Bakali Mdala ndili ndi digiri yachiwiri ya makompyuta? Nanunso a kabaza inu, tsekani pakamwa mumve. Walahi, ndikanama pano lilime langali liume ngati usipa.

Zimene ndinkaphunzira ine si kutayipa iyayi. Ndi ukadaulo wochititsa makompyuta ambiri, okhala kutalikutali, kugwira ntchito ngati mutu umodzi, kuti ina ikafa ntchito isaime. Nthawi imeneyo ndinali pachikamwini kwa Kawinga, ndipo apongozi anga aakazi, Abiti Saidi, mayi woti akatsokomola nkhuku zimathawira m'khola, anali atatopa nane. Anatuma mkazi wanga kudzandiuza kuti, "Mkamwini ndi wa khasu. Mvula ikagwa alibe digiri yakeyo, apinde mphasa azipita kwawo." Zinandiwawa abale, chifukwa mkaziyo ndinkamukonda zedi, ndipo kwathu kunalibe ngakhale khonde loti n'kutsamirapo.

Mayeso omaliza anali otere. Ndinaika kompyuta imodzi pano pa Ntaja, ina kwa Kawinga, ina ku Balaka, ndipo yaikulu, mtsogoleri wawo, ndinaikhazika m'mbali mwa Shire ku Liwonde kuti iziyeza madzi n'kumauza anzake. Mlimi akafunsa iliyonse kuti madzi afika pati, yankho lizikhala limodzimodzi. Waya unandithera pakati pa Liwonde ndi Balaka, ine n'kulumikiza ndi luzi lonyowa, ndipo mauthenga ankathamanga kuposa pa waya, moti mbalame ikatera pa luzilo inkauluka ikudziwa miseche yonse ya pamsika wa Balaka. Vuto linali limodzi: makinawo anakulira konkuno. Asanatumize uthenga ankayamba ndi moni, mwadzuka bwanji, nanga kunyumba, nanga chifuwa chija, mpaka dzuwa kufika pamutu. Ndinawasiya, pakuti makina opanda ulemu sindikanalowa nawo pakhomo pa apongozi.

Tsiku la mayeso kunabwera a pulofesa, mayi wa magalasi wochokera ku yunivesite, tinakhala ku Balaka, mitambo yakuda itayamba kale kusonkhana. Asanafunse n'kamodzi komwe, ku Liwonde kunavuuka mvuu yaikulu moti itayasamula asodzi anaona ngati kwada, n'kumeza mtsogoleri uja, ndi tebulo lake, ndi ambulera imene ndinamutchingira dzuwa. Mukumva? Atatu otsalawo atangoona kuti mnzawo sakuyankha moni anati kwagwa zovuta, onse n'kusiya ntchito. Ya ku Balaka inalira mpaka misozi kutuluka m'mabowo a waya, ya kwa Kawinga inalengeza maliro mudzi wonse mpaka amuna kunyamula makasu, ya pa Ntaja inangodzizimitsa, akuti pamaliro sagwira ntchito.

A pulofesa anavula magalasi. "A Mdala, yafa imodzi ndiye zonse zaima? Basi, mwalephera."

Ndinachita mantha, sindibisa, ndinaiona mphasa yanga itapindidwa kale. Koma ine ndi Bakali! Ndinalanda njinga ya kabaza, n'kupalasa mpaka matayala kufuka utsi, n'kupitirira sitima ya katundu ngati yaima, n'kufika pa Ntaja mthunzi wanga ukadali ku Liwonde ukupempha madzi akumwa, ndipo kompyuta yogona ija ndinaidzutsa ndi khofi limodzi, n'kugwira waya kuti onse atatu andimve. Ndinati, "Inu, maliro ake ati amene anthu amangopinda manja? Ena amakumba manda, ena amatunga madzi, ena amaphika. Zonse zimene malemu ankadziwa, suja anakusungitsani aliyense zofanana? Sankhani mtsogoleri wina pompano, awiri akavomera nkhani yatha!"

Anachita manyazi. Anasankha ya ku Balaka, iyo n'kuyamba kumva kuchuluka kwa madzi kudzera m'luzi lonyowa lija, limene nsonga yake inatsala m'madzi ku Liwonde. Ndinabwerera, mthunzi wanga ndinautola panjira, ndipo ndinapeza a pulofesa akuimba foni, Ntaja yankho lomwelo, Kawinga lomwelo, Balaka lomwelo, pakamwa pawo pali yasa.

Mwati zathera pomwepo? Dikirani. Mvuu ija inageya, abale inu, kugeya koti masamba anayoyoka m'mitengo ya ku Machinga, ndipo malemu aja anauluka kuchokera ku Liwonde, ambulera itatambasuka, n'kutera bwinobwino pamapazi pa a pulofesa, akununkha matope, n'kuyamba kulamula anzawo ngati akadali mtsogoleri, akutchula madzi a m'mawa pamene mtsinje unali utakwera kale. Atsogoleri awiri, mayankho awiri! A pulofesa anatenganso cholembera. Ine sindinakalipe iyayi. Ndinayala mkeka, n'kuikhazika pansi kompyuta yobwererayo monga timachitira ndi munthu wochokera ku Joni, n'kuiuza kuti wofika kumene amayamba wamva malonje. Anzake anaifotokozera zonse zimene zinachitika iyo ili m'mimba mwa mvuu, chimodzichimodzi, mpaka inafanana nawo, n'kuwomba m'manja, n'kuvomera kukhala wamng'ono.

A pulofesa anavula mkanjo wawo womwe n'kundiveka ine. Dontho loyamba la mvula linagwera pa chipewa cha digiri chili kale pamutu panga. Nditafika kwa Kawinga, Abiti Saidi, amene chikwatireni anali asanandiyang'anepo kumaso, anatenga mphasa ija ndi manja awo, n'kuiyala pakhonde lalikulu, n'kundiphera tambala. Mkazi wanga analulutira mpaka mawu kutha. Mphasayo ikadali pomwepo mpaka lero.

Mukuti ndionetse setifiketi, Che Yusufu? Apa ndiye mwaonetsa kuti simunamve kanthu. Munthu wophunzira ngati ine angasunge chinthu chofunika malo amodzi, kuti mvuu idzameze? Ndinaiduladula zidutswa zinayi ndi sizasi yanu yomweyo. China chili pano pa Ntaja, china kwa Kawinga, china ku Balaka, china ku Liwonde. Wofuna kuiwerenga akwere kabaza.